Komwe mungaphunzire za nsomba ndi kasamalidwe ka madzi

Masiku ano chambo chasanduka ndiwo ya apo ndi apo m'mabanja ambiri. Ntchila, imene makolo athu ankaipha yambiri, ana ambiri sanaionepo. Alimi akamva zoterezi amati imeneyo ndi nkhani ya asodzi a ku Mangochi, Salima kapena Nkhata Bay. Komatu madzi amene nsombazo zimaswanamo amadutsa m'minda yathu. Mtsinje wa Bua umayambira ku Mchinji n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota. Linthipe amachokera ku Dedza, amalandira madzi a mtsinje wa Lilongwe, n'kukathira ku Salima. Dothi limene lakokoloka m'munda mwanu ndi mankhwala amene mwatsukira kumtsinje zimayenda ulendo womwewo.

Tsambali likufotokozerani mfundo zoyambira zimene mlimi ayenera kudziwa pa nkhani ya nsomba, komwe mungakaphunzire zambiri popanda kuwononga ndalama zochuluka, ndi momwe mlimi wotsogolera angaphunzitsire anzake. Kaya muli ndi dziwe la nsomba, kaya muli ndi dimba m'mbali mwa mtsinje, kaya mumangogula usipa pamsika, nkhaniyi ikukukhudzani.

Chifukwa chiyani mlimi aphunzire za nsomba?

Choyamba ndi chakudya. Kwa mabanja ambiri m'Malawi muno, nsomba ndiyo ndiwo ya nyama yotsika mtengo kuposa zonse. Tinsomba ting'onoting'ono monga usipa ndi matemba timadyedwa ndi mutu ndi minga yomwe, choncho timathandiza kulimbitsa mafupa ndi kuonjezera magazi, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera.

Chachiwiri ndi ndalama. Dziwe losamalidwa bwino limabweretsa ndalama pa nthawi imene m'nkhokwe mwayamba kupepuka. Madzi ake mumathirira ndiwo zamasamba, ndipo matope ake ndi manyowa abwino a kudimba. Koma dziwe lokumbidwa popanda uphungu limangodya mphamvu zanu: madzi amaphwa, nsomba sizikula, mlimi n'kugwa mphwayi.

Chachitatu n'chakuti nsomba zathu zili pangozi ndithu. M'chaka cha 2018 bungwe la padziko lonse loona za chilengedwe la IUCN linaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi, ndipo linapeza kuti mitundu 9 mwa 100 iliyonse ili pachiopsezo chachikulu chotheratu. Mwa mitundu inayi ya nsomba za gulu la chambo, itatu inaikidwa m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutha. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Mtundu ukatha kuno, palibe kokautenganso.

Mfundo zinayi zoyamba kuzidziwa

Malamulo a usodzi amaoneka ngati nkhanza kwa munthu amene sadziwa momwe nsomba zimakhalira. Mukamvetsa mfundo zinayi izi, zina zonse zimene mudzaphunzire zidzakhala zosavuta.

1. Chambo chimalera ana m'kamwa. Nthawi yoswana, chambo chachimuna chimakonza chisa chonga mbale pamchenga pansi pa madzi. Chachikazi chikaikira mazira chimawatola n'kuwasunga m'kamwa kwa milungu ingapo mpaka ataswa. Kenako chimapita ndi ana ake kumadzi osaya, kumene kuli bango ndi udzu wobisalamo. Mukapha chambo chimodzi chimene chili ndi mazira m'kamwa, mwapha ana mazanamazana nthawi imodzi. Khoka lokokedwa pansi limaphwasula zisa, ndipo neti yotetezera udzudzu ikalowa m'madzi osaya imasesa kasawala yense. N'chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka ena panyanja ya Malawi chaka ndi chaka kuyambira mu Novembala, ndipo malamulo amaletsa kupha chambo chosakwana masentimita 15.

2. Mpasa ndi sanjika zimaswanira m'mitsinje. Nsomba zimenezi zimakulira m'nyanja, koma nthawi yoswana zimakwera mitsinje monga Bua, Linthipe ndi North Rukuru kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyenda. Matope akakwirira timiyalato, mazira amasowa mpweya n'kuola. Matopewo amachokera m'minda yolimidwa motsetsereka, m'mapiri odulidwa mitengo ndi m'madimba ofika m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Biyo lotseka mtsinje wonse nalonso limagwira nsomba zisanaikire. Apa ndi pamene mlimi wa kumtunda ali ndi mbali yaikulu kuposa msodzi.

3. Nsomba zimafuna pothawira. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Inaumapo mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu linaphweranso. Nyanjayi ikauma, matemba, makumba ndi milamba zimabisala m'maiwe a m'mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe. Zotsala m'maiwemo ndizo mbewu imene imadzazanso nyanja madzi akabwerera. Mu 1995 mafumu, asodzi ndi alangizi anagwirizana zoteteza maiwe amenewa ndi kuletsa katupe, ndipo nsomba zinabwereradi. Dziwe la mumtsinje wa kwanu limene siliphwa m'chilimwe ndi nkhokwe ya mbewu. Kuthiramo katupe kuli ngati kukazinga chimanga chimene munasungira kubzala.

4. Nsomba yachilendo ikalowa situlukanso. M'zaka za m'ma 1950 anthu anaika nsomba yaikulu yodya zinzake yotchedwa Nile perch m'nyanja ya Victoria, imene ili pakati pa Uganda, Kenya ndi Tanzania. Patapita zaka, mitundu yambirimbiri ya nsomba za m'nyanjamo inasowa. Dziko lathu linatengerapo phunziro, ndipo malamulo salola kubweretsa kapena kuweta nsomba zachilendo popanda chilolezo cha boma. Dziwe lanu likasefukira m'dzinja, nsomba zimalowa mumtsinje, ndipo mitsinje yambiri imakathera kunyanja. Zomera nazo n'chimodzimodzi. Namasupuni sanali wa kuno, koma lero amatseka madzi mumtsinje wa Shire mpaka kusokoneza makina opangira magetsi.

Yambirani pafupi: mlangizi ndi ofesi ya usodzi

Khomo loyamba kugogoda ndi la mlangizi wa zaulimi wa dera lanu. Ngakhale atakhala kuti sanaphunzire kwambiri za nsomba, iye ndi amene angakulumikizeni ndi alangizi a Dipatimenti ya Usodzi kudzera ku ofesi ya EPA kapena ku khonsolo ya boma lanu. Alangizi a usodzi sapezeka kunyanja kokha. Amathandizanso alimi a maiwe m'maboma a kumtunda monga Mchinji, Dowa, Dedza, Zomba, Mulanje ndi Thyolo.

Mlangizi amayenda msanga akaitanidwa ndi gulu kusiyana ndi munthu mmodzi. Sonkhanani anthu 10 kapena 15, lembani mayina, gwirizanani tsiku, ndipo konzeranitu mafunso. Ena mwa mafunso ofunika ndi awa:

- Kodi malo athuwa ali ndi dothi losunga madzi komanso madzi okwanira chaka chonse?
- Ndi mtundu uti wa nsomba umene umachita bwino kuno, nanga mbewu yodalirika tingaipeze kuti?
- Chaka chino usodzi utsekedwa liti ndipo utsegulidwa liti panyanja kapena mumtsinje wathu?
- Ndi zida ziti zoletsedwa, nanga maso a ukonde ovomerezeka ndi otani?
- Tisiye mpata wotalika bwanji pakati pa dimba ndi mtsinje?
- Tikaona nsomba zakufa kapena za zilonda tikanene kwa yani?

Masiku otsekera usodzi amasiyana pakati pa nyanja ya Malawi, Malombe ndi Chilwa, komanso malinga ndi mtundu wa zida. Nthawi zina amasinthidwa. Choncho musadalire zimene munamva zaka zapitazo. Funsani chaka chilichonse. Pemphaninso kuti akufotokozereni m'Chichewa mfundo zikuluzikulu za lamulo loteteza ndi kuyendetsa usodzi la 1997 ndi ndondomeko ya boma ya usodzi ndi ulimi wa nsomba ya 2016. Lamulo la 1997 ndi limene linapereka mpata woti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba za m'dera lawo.

Makomiti a m'madoko ndi akuluakulu a m'mudzi

Chambo chitatha mochititsa mantha m'nyanja ya Malombe, boma linaona kuti alonda ake okha sangakwanitse. Mu 1993 kunayamba makomiti a m'madoko, odziwika kuti ma BVC, ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire. Lero makomitiwa ali m'madoko ambiri. Amadziwa malo oswanira nsomba, malamulo a m'dera, zida zoletsedwa monga kandwindwi ndi maneti a udzudzu, komanso mavuto amene amakumana nawo polanda zidazo. Ngati muli pafupi ndi nyanja, pemphani kukhala nawo pamsonkhano wawo. Ngati muli kumtunda, gulu lanu lingathe kukonza ulendo wokacheza nawo kuti mukamve m'kamwa mwa asodzi eni ake zimene matope a m'mitsinje akuchita.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi chilumba cha Mbenji ku Salima, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko akhala akutseka usodzi pachilumbachi m'dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo. Potseka ndi potsegula pamakhala mwambo, ndipo pachilumbapo pali malamulo okhwima, kuphatikizapo oletsa mowa. Akatswiri ochokera kutali amapita kukaphunzira kumeneko chifukwa nsomba za pa Mbenji zasungika bwino kuposa za m'malo ambiri oyandikana nawo. Phunziro lake n'lakuti lamulo limene anthu alimvetsa n'kuliyesa lawo limagwira ntchito ngakhale msilikali palibe.

Kumpoto, makamaka ku Nkhata Bay, bungwe la Ripple Africa lakhala likuthandiza midzi kukhazikitsa makomiti oteteza malo oswanira chambo, ndipo ntchitoyi yafalikira kumaboma ena a m'mbali mwa nyanja.

Musaiwalenso agogo a m'mudzi mwanu. Afunseni nsomba zimene zinkapezeka mumtsinje wanu kale, miyezi imene zinkakwera, maiwe amene sankaphwa, ndi mitengo imene inali m'mbali mwake. Lembani mayankho awo. Mukayerekeza ndi zimene mukuona lero, mudziwa chimene chatayika ndi poyambira kukonza. Nzeru zimenezi sizinalembedwe m'buku lililonse, ndipo mwini wake akapita zimapita naye.

Dziwe la mnzanu ndi sukulu

Palibe pepala limene lingakuphunzitseni ulimi wa nsomba kuposa kuima pambali pa dziwe ndi mlimi amene wakololapo kangapo. Funsani mlangizi akulozereni kalabu ya alimi a nsomba kapena tsiku la chionetsero limene lili pafupi. Mukafika, onetsetsani zinthu izi:

- Mtundu wa nsomba. Alimi ambiri amaweta makumba, chilunguni, chambo ndi mlamba. Makumba amapirira ndipo amaswana msanga. Chilunguni chimakonda masamba ofewa monga a mbatata ndi chisoso. Mlamba umapirira madzi ochepa mpweya, koma umadya ana a nsomba zina.
- Mtundu wa madzi. Madzi abwino a dziwe amakhala obiriwira pang'ono chifukwa cha tizomera ting'onoting'ono timene nsomba zimadya. Lowetsani mkono m'madzi. Ngati chikhatho chikuonekabe bwinobwino madzi atafika m'chigongono, manyowa achepa. Ngati chasowa madzi asanafike pakati pa mkono, manyowa achuluka, ndiye siyani kaye kuthira.
- Khalidwe la nsomba m'mamawa. Zikamabwera pamwamba n'kumayasamula dzuwa lisanatuluke, ndiye kuti mpweya wachepa. Lowetsani madzi atsopano ndipo chepetsani chakudya ndi manyowa.
- Kuchuluka kwa nsomba. Kwa mlimi wodalira manyowa ndi gaga, nsomba 2 kapena 3 pa sikweya mita imodzi ndi poyambira pabwino. Dziwe la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali lingalandire nsomba 400 mpaka 600. Zikathithikana zimapinimbira.
- Polowera ndi potulukira madzi. Payenera kukhala sefa kuti nsomba za kumtsinje zisalowe, ndipo zanu zisatuluke.
- Adani. Funsani mmene akutetezera dziwe kwa katumbu, ng'anzi, mbalame ndi akuba.

Pemphani kuona kope lake. Mlimi wodziwa ntchito amalemba tsiku limene anaika mbewu, chiwerengero chake, chakudya, nsomba zimene zafa, ndi makilogalamu amene wakolola. Inunso yambani kope lanu tsiku lomwe mwayamba kukumba. Pakatha zokolola ziwiri kapena zitatu, kopelo lidzakhala mphunzitsi wanu wamkulu, chifukwa likunena za dothi lanu ndi madzi anu.

Malo a kafukufuku ndi sukulu za usodzi

Pali malo a boma amene ntchito yawo ndi kufufuza ndi kuphunzitsa za nsomba:

- National Aquaculture Centre ku Domasi, m'boma la Zomba. Awa ndi malo akuluakulu a boma a kafukufuku wa ulimi wa nsomba. Kuli maiwe oyeserera zakudya, kaswanitsidwe ndi kaleredwe ka mbewu.
- Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe, m'boma la Mangochi. Kumeneku ndi kumene alangizi ambiri a usodzi amaphunzira ntchito yawo.
- Malo a kafukufuku wa usodzi ku Monkey Bay. Amatsata kuchuluka kwa nsomba za m'nyanja.
- Sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda ndi Mzuzu University. Zonse ziwiri zili ndi maphunziro a nsomba ndi zamoyo za m'madzi. Ku Bunda kulinso maiwe ophunzitsira.

Bungwe la WorldFish nalo lakhala likugwira ntchito ndi alimi a nsomba m'dziko muno kwa zaka zambiri mogwirizana ndi boma.

Musangodzuka n'kupita. Dzerani kwa mlangizi kuti alembe kalata ndi kupangana tsiku, kuti mukapeze munthu wokuyendetsani. Ngati ndalama yoyendera ndi yochepa, sonkherani anthu awiri, bambo ndi mayi, kuti akaone m'malo mwa gulu. Apite ndi mafunso olembedwa, ajambule zithunzi pafoni ngati aloledwa, ndipo akabwerera afotokoze pamsonkhano sabata isanathe. Kwa achinyamata amene anamaliza Fomu 4, sukuluzi ndi njira ya ntchito imene ambiri saiganizira.

Malo okaona ndi maso

Malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear anakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. M'miyala ya kumeneko mungaone mbuna, tinsomba ta mawanga owala timene timakopa alendo ochokera kunja. Kumeneko kulinso phunziro la zaumoyo. Ofufuza anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa m'madzi osaya chifukwa cha usodzi wa makoka, nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka. Kutha kwa nsomba kumakafika mpaka kuchipatala.

M'tauni ya Mangochi muli nyumba yosungira mbiri ya nyanja, ya Lake Malawi Museum. Mtsinje wa Bua umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, komwe mungayerekeze mtsinje wokhala ndi mitengo m'mbali ndi mtsinje wolimidwa mpaka m'mphepete. Nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh kuchigwa cha Shire zili pamndandanda wa madambo ofunika padziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar. Maulendo otere amayenda bwino mukagwirizana ndi sukulu kapena mpingo kuti mugawane mtengo wa galimoto.

Wailesi, zowerenga ndi foni

Wailesi ndi mphunzitsi wosalipiritsa. Mapulogalamu a zaulimi ndi usodzi amaulutsidwa pa MBC ndi pa mawailesi a m'madera monga Dzimwe ku Mangochi ndi wailesi ya Nkhotakota. Zilengezo za kutseka ndi kutsegula nyanja zimamvekanso pomwepo. Kumvera pagulu kumapindulitsa kuposa kumvera panokha. Pulogalamu ikatha kambiranani mfundo imodzi imene mungayese sabata yomweyo, ndipo funso limene lakukanikani mulitumize kuwailesiko kapena kwa mlangizi.

Ku ofesi ya EPA ndi ya usodzi funsani timapepala, zithunzi zopachika ndi timabuku ta m'Chichewa. Zikakhala zochepa, gulu lisunge limodzi kwa mlembi ndipo muzibwerekana. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi limathandiza makalabu a zachilengedwe m'sukulu zambiri. Limbikitsani ana anu kulowa makalabuwa, ndipo madzulo muziwafunsa zimene aphunzira. Mwana amene wamvetsa chifukwa chake kasawala saphedwa sadzatenga neti ya m'nyumba kupita nayo kumadzi.

Amene muli ndi mafoni a intaneti mungapeze mavidiyo ambiri a ulimi wa nsomba, ndipo magulu a WhatsApp a alimi amathandiza pa nkhani ya misika ndi mbewu. Koma apa m'pofunika kusamala.

Sefani uphungu musanautsatire

Mavidiyo ambiri a pa YouTube ndi Facebook anajambulidwa kumayiko ena, komwe nsomba, nyengo ndi malamulo n'zosiyana ndi zathu. Musanatsatire uphungu uliwonse, dzifunseni mafunso anayi:

1. Kodi nsomba ikunenedwayo ndi yololedwa kuno? Wina akakuuzani kuti ali ndi mbewu ya kunja yokula msanga, musagule musanafunse ku ofesi ya usodzi.
2. Kodi wonenayo akugulitsa kanthu? Wamalonda amatchula phindu lokha. Funsani mlimi amene anayesapo.
3. Kodi ndingakwanitse ndi zimene ndili nazo? Njira yofuna magetsi ndi chakudya chogula tsiku ndi tsiku singafanane ndi ya dziwe la manyowa ndi gaga.
4. Kodi anzanga a kumunsi kwa mtsinje ziwakhudza bwanji? Uphungu uliwonse wothira mankhwala m'madzi uyambe wadzera kwa mlangizi.

Mukakhutira, yesani padziwe limodzi kapena pagawo laling'ono kaye.

Kufunika kofunsa kunaoneka bwino mu 2020, pamene matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anapezeka ku Mchinji, m'dera la mtsinje wa Bua. Matendawa amayamba ndi timadontho tofiira pathupi la nsomba, kenako zilonda zakuya, ndipo amakonda nyengo yozizira. Amafala kudzera m'madzi osefukira, nsomba zosamutsidwa ndi maukonde onyowa. Mukaona zizindikirozi musasamutse nsomba kapena kubwereketsa ukonde. Kwirirani nsomba zakufa kutali ndi madzi, yanikani zida padzuwa mpaka ziume, ndipo dziwitsani mlangizi tsiku lomwelo. Mlimi amene anamvapo zimenezi amapulumutsa dziwe lake ndi a anzake. Paja safunsa anadya phula.

Kwa mlimi wotsogolera: misonkhano inayi

Simufunika kalasi kapena bolodi kuti muphunzitse anzanu. Misonkhano inayi iyi mungaichite m'miyezi ya chilimwe, mvula isanayambe. Uliwonse usapitirire maola awiri, ndipo sankhani nthawi imene amayi angathe kubwera, popeza ndiwo amatunga madzi, kulima madimba ndi kugulitsa nsomba m'misika yambiri.

Msonkhano woyamba: kuyenda ndi mtsinje. Yendani limodzi mtunda wa kilomita imodzi m'mbali mwa mtsinje kapena dambo lanu, agogo awiri ali nanu. Onani pamene gombe likugumuka, pamene palimidwa mpaka m'madzi, pamene pali zigwembe, ndi maiwe amene saphwa. Pobwerera jambulani mapu pansi, mlembi awakopere m'kope.

Msonkhano wachiwiri: mabotolo awiri. Konzani timilu tiwiri ta dothi pamalo otsetsereka, kena kophimbidwa ndi mapesi kapena udzu, kena kopanda kanthu. Thirani madzi ofanana ndi kheni pa kalikonse, ndipo madzi otsika muwatunge m'mabotolo awiri oonekera mkati. Adikireni akhazikike. Aliyense adzaona yekha kusiyana kwa matope. Kenako ikani timiyala m'mbale, thiranipo madzi amatopewo, ndipo fotokozani za mazira a mpasa. Malizani pokambirana za akalozera, ngonyeka, vetiva ndi kuphimbira nthaka.

Msonkhano wachitatu: mlendo. Itanani mlangizi wa usodzi, membala wa BVC kapena mlimi wa nsomba wodziwa. Mafunso akonzedwe msonkhano usanafike. Ngati pali dziwe pafupi, kumanani pomwepo.

Msonkhano wachinayi: pangano. Itanani a mfumu ndi komiti yoona zachilengedwe ya m'mudzi. Gwirizanani zinthu zochepa zimene mungazikwanitse, monga izi:

- kusiya mpata wosalima m'mbali mwa mtsinje ndi kubzalamo bango, nsungwi, vetiva kapena mikuyu
- kuleka kutsukira sipuleya ndi mabotolo a mankhwala kumtsinje, popeza mankhwala ophera mbozi monga cypermethrin amapha nsomba ngakhale atakhala ochepa kwambiri
- kuletsa katupe ndi maneti a udzudzu m'madzi a m'mudzi
- kusankha dziwe limodzi la mumtsinje loti lisamaphedwe nsomba m'chilimwe
- kukana kugula kasawala ndi nsomba zina zosakhwima pamsika

Lembani panganolo, sankhani oliyang'anira, ndipo ikani tsiku lodzaunikanso mvula ikatha. Pa tsikulo bwererani kumtsinje ndi mapu aja kuti muone chimene chasintha.

Choti muchite sabata ino

Simungafike ku Domasi, ku Mbenji ndi ku Cape Maclear mwezi umodzi, ndipo sikofunika kutero. Sabata ino chitani zinthu zitatu. Pezani mlangizi wanu mumufunse dzina la mlangizi wa usodzi wa dera lanu. Khalani pansi ndi munthu wachikulire mmodzi akuuzeni za mtsinje wanu mmene unalili. Kenako pitani kumunsi kwa munda wanu mukaone kumene madzi amatulukira mvula ikagwa, ndi mtundu wa dothi limene amasiya m'njira. Zimene mupeze mukazifotokoze pamsonkhano wotsatira wa kalabu yanu, ndipo mupangane tsiku loyenda ndi mtsinje.